Mathero a mizere mu Git: kuthetsa mkangano wa Windows ndi Linux usanafike pa seva

Mwasintha mzere umodzi wokha mu fayilo, mwina mwangokonza dzina lomwe linalembedwa molakwika, koma mukalemba `git diff` fayilo yonse yafiira, kenako yonse yabiriwira. Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha za mafayilo, ikuti mizere 400 yasintha, pomwe inu ndi maso anu mukuona kuti yofiirayo ndi yobiriwirayo n'chimodzimodzi. Kapenanso mnzanu walemba script pa Windows, mwaikweza pa seva, ikukana ndi uthenga wakuti `/bin/bash^M: bad interpreter: No such file or directory`, chonsecho bash ilipo, fayilonso ilipo. Mavuto awiriwa muzu wake ndi umodzi. Pali kachizindikiro kosaoneka kamene kamakhala kumapeto kwa mzere uliwonse, ndipo Git imachita nako mosiyana malinga ndi kompyuta imene yaikidwapo, inu musanaiuze kalikonse.

Ine ndimalemba mapulogalamu kuno ku Mzuzu, makamaka a PHP ndi Laravel, osungira maina a mamembala a magulu a alimi ndi kaundula wa fizi m'masukulu. M'kagulu kathu, ambiri ali pa Windows chifukwa malaputopu a kaunjika amene timagula m'tauni muno amabwera ali nayo kale. Mmodzi wa ku Chibavi ali pa Ubuntu, wina amene amatithandiza ali ku Lilongwe ndi MacBook, ndipo seva, monga maseva ambiri, ndi ya Linux. Gulu lotere silingadalire kuti aliyense akonza kompyuta yake molondola. Chigamulo cha mathero a mizere chiyenera kulembedwa mu repo momwemo, mmene Git imasunga mafayilo a pulojekiti, kuti aliyense wopanga clone, kutanthauza kukopera repoyo pa kompyuta yake, achitenge osachifunafuna. Koma tiyambe taona chimene chikusiyana.

Amene munaonako makina otayipira m'maofesi a boma mukukumbukira kuti wotayipa akafika kumapeto kwa mzere ankakankha kachitsulo ka kumanzere. Kachitsuloko kankachita zinthu ziwiri: kubweza pepala kuti kulemba kuyambirenso kumanzere, ndi kulikweza mzere umodzi. Makina a teletype, amene makompyuta oyambirira ankalumikizidwa nawo, ankalandira zinthu ziwirizi ngati malamulo awiri osiyana, ndipo ASCII, ndondomeko yopatsa chilembo chilichonse nambala, itatuluka mu 1963 inapatsa lamulo lililonse nambala yake. CR, kubwerera kumanzere, ndi 13. LF, kutsika mzere, ndi 10. Amene anayamba kulemba Unix, imene Linux inadzatengera, ku Bell Labs mu 1969 anatengera Multics n'kusunga LF yokha mu fayilo. CP/M inasunga zonse ziwiri, MS-DOS ya mu 1981 inatengera pomwepo, Windows n'kulowa nazo mpaka lero. Mac yakale inali ndi njira yakeyake, CR yokha, koma kuyambira pa Mac OS X mu 2001 inalowa m'banja la Unix. Ndiye lero mbali zilipo ziwiri: Windows ndi CRLF, ena onse ndi LF.

Mutha kudzionera nokha mu Git Bash kapena mu terminal ya Linux:

```
$ printf 'moni\n' | od -c
0000000   m   o   n   i  \n
$ printf 'moni\r\n' | od -c
0000000   m   o   n   i  \r  \n
```

Pa sikirini onse awiri ndi moni basi. Kwa Git, woyambayo ndi mabayiti 5, wachiwiriyo ndi 6, ndipo Git imayerekeza mabayiti, osati zimene maso akuona. Kwa Linux nako, mzere woyamba wa script ukakhala `#!/bin/bash` wotsatizana ndi `\r`, imakafunafuna pulogalamu ya dzina lothera ndi kachizindikiro kameneko, ndipo siipeza. `^M` ya mu uthenga uja ndi CR yomweyo. Nthawi zina imabwera ngati `$'\r': command not found`, ndipo mu Docker imangoti `no such file or directory` pa `entrypoint.sh` imene mukuiona ili phee pamalo pake.

Zimene Git imachita mukangoiika

Linus Torvalds analemba Git mu 2005 chifukwa cha ntchito ya Linux kernel, kumene aliyense anali pa LF. Motero Git payokha sikhudza mathero a mizere. Chimene mwaipatsa ndi chimene imasunga. Pali setting yotchedwa `core.autocrlf`, ndipo ikakhala yosalembedwa paliponse imatengedwa ngati `false`. Pa Ubuntu ndi pa macOS zimakhala choncho.

Pa Windows nkhani ndi ina. Poika Git for Windows pamabwera masamba ambiri, ndipo tonse timadziwa mmene zimakhalira: Next, Next, Next, maso ali pa batire chifukwa magetsi azima. Limodzi mwa masambawo mutu wake ndi "Configuring the line ending conversions", ndipo chosankhidwa kale ndi choyamba, "Checkout Windows-style, commit Unix-style line endings". Chimenecho chimalemba `autocrlf = true` mu fayilo ya `C:\Program Files\Git\etc\gitconfig`. Ndiye anthu awiri amene onse akulumbira kuti sanasinthe kalikonse akhoza kukhala ndi Git yochita zosiyana, ndipo onse akunena zoona.

Ikakhala `true`, Git imachotsa CR pamene mukulowetsa fayilo mu repo, n'kuibwezera pamene ikukutulutsirani fayilo mu foda yanu. Ikakhala `input`, imachotsa CR polowa koma potuluka sikhudza kanthu, ndiye mu foda yanu mumalandira zimene zili mu repo. Ikakhala `false`, njira zonse ziwiri ndi zotsegula.

Kuti mudziwe pamene mwaima, lowani mu foda ya pulojekiti n'kulemba:

```
git config --show-origin --get-all core.autocrlf
```

Ikapanda kulemba kanthu, ndiye kuti ndi `false`. Ikalemba mizere ingapo, wotsiriza ndi umene ukugwira ntchito, chifukwa setting ya repo imaposa ya munthu, ndipo ya munthu imaposa ya kompyuta yonse. Ubwino wa `--show-origin` ndi woti imakuuzani fayilo imene setting yachokera. Ngati muli ndi WSL, Linux yoyenda mkati mwa Windows, kumbukirani kuti Git ya mkati mwa Ubuntu ya WSL ndi ina, ili ndi ma setting akeake. Mukatsegula foda imodzimodziyo ndi Git ya Windows m'mawa, ya WSL madzulo, musadabwe yachiwiriyo ikamati mafayilo onse asintha.

Lamulo lachiwiri ndi limene ndimalikonda kwambiri, chifukwa limathetsa kulozana zala:

```
$ git ls-files --eol
i/lf    w/crlf  attr/     app/Models/Mlimi.php
i/crlf  w/crlf  attr/     routes/web.php
i/mixed w/mixed attr/     deploy.sh
i/-text w/-text attr/     public/logo.png
```

Linabwera ndi Git 2.8 mu 2016. Gawo la `i/` likunena zimene zili mkati mwa Git, la `w/` zimene zili mu foda yanu, la `attr/` malamulo amene repo yaika pa fayiloyo. Mzere woyamba ndi `autocrlf = true` ikugwira ntchito monga anaikonzera: mkati LF, kunja CRLF. Wachiwiri ndi fayilo imene wina anailowetsa ndi CR yake. Wachitatu ndiye woipitsitsa, mizere ina LF, ina CRLF mu fayilo imodzi, zimene zimachitika anthu awiri a ma editor osiyana akamalemba mosinthana. Wachinayi ndi chithunzi, Git yachizindikira kuti si malemba. Onaninso kuti pa `attr/` palibe kanthu paliponse. Repo imeneyi ilibe lamulo, aliyense akuyendera zake.

Malangizo ambiri a pa intaneti amathera poti wa pa Windows aike `true`, wa pa Linux aike `input`, nkhani yatha. Ine sindikhutira nawo. Setting imeneyi imakhala pa kompyuta ya munthu, siyenda ndi repo, ndiye wophunzira ntchito akabwera kuchokera ku Luwinga ndi laputopu yobwereka kwa mchimwene wake, palibe amene akudziwa kuti Git ya mmenemo anaiika ndani, anadina chiyani. Zili ngati gulu logulitsa chimanga pamodzi koma aliyense wabwera ndi ndowa yakeyake yoyezera. Chinanso, `true` imaganiza kuti mafayilo adzachoka pa Windows kudzera mu Git mokha. Kuno sizikhala choncho. Bandulo ikatha, munthu amakopera foda yonse pa fulashi n'kukwera nayo kabaza. Wina amapanga zip n'kutumiza pa WhatsApp, wina amaikweza pa cPanel, winanso Docker yake imakopera mafayilo kuchokera mu foda mwachindunji. Njira zonsezi zimanyamula za ku `w/`, zomwe zili ndi CR, n'kukazitula pa Linux. Ndipo chomaliza, fayilo imene inalowa kale mu repo ndi CRLF, `autocrlf` imaisiya dala mmene ilili. Sichiza matenda akale.

Fayilo ya .gitattributes

Mu foda yaikulu ya pulojekiti, pamene pali `.gitignore`, pangani fayilo ya dzina lakuti `.gitattributes`. Yathu imaoneka motere:

```
* text=auto eol=lf

*.bat text eol=crlf
*.cmd text eol=crlf

*.png binary
*.jpg binary
*.pdf binary
*.xlsx binary
*.apk binary
```

Mzere woyamba ndiye wonyamula katundu. Kanyenyeziko ndi mafayilo onse. `text=auto` ikuuza Git kuti iyang'ane yokha ngati fayilo ndi ya malemba, ndipo ikakhala ya malemba isunge LF mkati. `eol=lf` ikuti ngakhale potulutsa mu foda, pa kompyuta ina iliyonse, ikhale LF. Lamulo limeneli limaposa `core.autocrlf`, ndiye kaya munthu anadina chiyani poika Git, zotsatira zake n'zofanana. Pamafunika Git 2.10 ya mu 2016 kapena yatsopano kuposa apo kuti mbali ziwirizi zigwire ntchito limodzi bwino, ndiye amene akusungabe installer yakalekale pa fulashi ayambe waona `git --version`. Amene mumayamba mapulojekiti atsopano a Laravel tsegulani `.gitattributes` imene imabwera nayo, mupeza mzere womwewu pamwamba.

Mizere ikawombana pa fayilo imodzi, wam'munsi ndi umene umapambana. N'chifukwa chake malamulo a `.bat` ndi `.cmd` ali pansi pa kanyenyezi. Mafayilo amenewa amawerengedwa ndi `cmd.exe`, imene nthawi zina imasokera pofunafuna ma label a `goto` ikapeza LF yokha, ndiye aloleni akhale ndi CRLF yawo. Olemba za Android ali ndi chitsanzo pafupi: `gradlew` imafuna LF, `gradlew.bat` imafuna CRLF, ndipo zonse zili mu foda imodzi.

Za `binary` ena amati n'zosafunika chifukwa Git imazindikira yokha. Kawirikawiri imazindikiradi, poona ngati muli bayiti ya 0 kapena zizindikiro zambiri zosawerengeka. Koma kumeneko n'kungoganizira. PDF ina ikhoza kuoneka ngati malemba, ndipo Git ikachotsamo CR, fayiloyo yaonongeka mwakachetechete, mudzazindikira tsiku limene mlembi wa gulu akufuna kusindikiza fomu. Mizere isanu siwononga kanthu, ilembeni. Palinso mafayilo a malemba amene mukufuna asakhudzidwe n'komwe, monga CSV yochokera mu Excel imene mumayesera nayo ngati pulogalamu ikuwerenga bwino maina a alimi. Ngati cholinga ndi kuyesa fayilo yeniyeni mmene imabwerera kuchokera ku ofesi, ndi CRLF yake, ilembereni `tests/data/*.csv -text`, Git iisunga bayiti ndi bayiti.

Wina afunsa kuti kodi LF pa Windows sizisokoneza? Kale zinkasokonezadi. Notepad inkaonetsa fayilo yonse ngati mzere umodzi wautali, ndipo ndi nthawi imeneyo imene `true` inali yanzeru. Microsoft inakonza Notepad mu 2018, pa Windows 10 ya 1809. VS Code, Notepad++, PhpStorm ndi Android Studio zonse zimawerenga LF popanda vuto. Ngati gulu lanu lonse limalemba C# mu Visual Studio, mapulogalamu othera pa Windows pomwepo, mutha kulemba `* text=auto` yokha, kuti mkati mukhale LF koma mu foda aliyense alandire za kompyuta yake, kenako n'kuwonjezera `*.sh text eol=lf`. Koma ngati ntchito yanu imathera pa seva ya Linux, sindikuona chifukwa chosungira CR ngakhale pa laputopu.

Misampha iwiri popanga fayiloyi pa Windows, ndipo yonse ndaiona ikugwira anthu ochenjera. Woyamba, Notepad ikhoza kuwonjezera `.txt` kumapeto, File Explorer n'kubisa, inu n'kumaona dzina lolondola pomwe Git ikuona `.gitattributes.txt`. Wachiwiri ndi wobisika kwambiri. Mu Windows PowerShell 5.1, ija ya buluu imene imabwera ndi Windows, mukalemba `echo "* text=auto eol=lf" > .gitattributes`, fayiloyo imasungidwa mu UTF-16, imene Git siitha kuwerenga ngati malamulo. Mukaitsegula mu editor imaoneka bwinobwino. Ipangeni mu VS Code kapena mu Git Bash, ndipo mukatero funsani Git ngati yamva:

```
$ git check-attr text eol -- deploy.sh
deploy.sh: text: auto
deploy.sh: eol: lf
```

Ikayankha `unspecified`, fayilo yanu sikuwerengedwa.

Kuchapa zimene zinalowa kale

Pa pulojekiti yatsopano, mukaika `.gitattributes` mu commit yoyamba mwamaliza. Pa yakale pali ntchito ina, ndipo ntchitoyi imafuna ulemu kwa anzanu kuposa luso. Commit imene mukufuna kupangayi ikhudza mzere uliwonse wa fayilo iliyonse ya CRLF, ndiye aliyense amene ali ndi zosintha zake pa mafayilo amenewo akumana ndi conflict, kuwombana kwa zosintha kumene Git siingakuthetse yokha. Lengezani pa gulu la WhatsApp, perekani tsiku, aliyense apushe zake, ma branch otheka kuphatikiza aphatikizidwe. Ife timasankha Lachisanu madzulo, ena akamathamangira basi ya ku Nkhata Bay kapena ku Ekwendeni, chifukwa palibe amene alembe kanthu mpaka Lolemba.

Onetsetsani kuti `git status` ndi yoyera, kenako:

```
git add .gitattributes
git add --renormalize .
git status
```

`--renormalize` inabwera ndi Git 2.16 kumayambiriro kwa 2018. Imatenga fayilo iliyonse imene Git ikuidziwa n'kuilowetsanso motsatira malamulo atsopano. `git status` ikuonetsani mndandanda wa mafayilo osintha. Uwerengeni, musangodutsa. Mukaonamo chithunzi, zip kapena fayilo ya database, imani, ilembeni ngati `binary`, bwezani ndi `git reset` n'kuyambanso. Kuti mutsimikize kuti palibe china chasintha kupatula CR:

```
git diff --cached --ignore-cr-at-eol
```

Iyenera kuonetsa `.gitattributes` yokha. Zikatero pangani commit, ndipo ikhale payokha. Musaphatikizemo kukonza kwina kulikonse, ngakhale kakang'ono bwanji, chifukwa palibe munthu amene adzakapeze pakati pa mizere masauzande.

Apa mkati mwa Git mwayera, koma mafayilo a mu foda yanu akadali ndi CR. Git sithamangira kulembanso fayilo imene ikuiona kuti sinasinthe. Kuti iwatulutsenso mwatsopano:

```
git rm -r --cached -q .
git reset --hard
```

Chenjerani nalo lamulo lachiwirili. `git reset --hard` imafafaniza chilichonse chimene mwasintha koma simunapange commit, ndipo sifunsa. Aliyense m'gulu achite zimenezi atapanga pull, `git status` yake ili yoyera. Amene akuopa akhoza kupanga clone yatsopano, ndipo sikuti mpaka awononge bandulo: `git clone foda-yakale foda-yatsopano` imagwira ntchito pa kompyuta pomwepo popanda intaneti. Akatero alowe mu foda yatsopanoyo, abwezere adiresi ya GitHub ndi `git remote set-url origin` kutsatiza adiresiyo, n'kukopera pamanja zinthu zimene Git sisunga, monga `.env`, fayilo ya mapasiwedi ndi ma setting, ndi foda ya `vendor`.

Nthawi zonse pamakhala mmodzi amene sanaone uthenga, foni inali yozima, ndipo Lolemba akubwera ndi branch ya masabata angapo. Musamuuze kuti alembenso. Ali pa branch yakeyo alembe:

```
git merge -X renormalize main
```

Git iyamba yafananiza mathero a mizere mbali zonse isanayerekeze, ndiye ma conflict otsala akhala enieni okha.

Pali dandaulo lina limene ndi lomveka. Commit yochapayi ikadutsa, `git blame`, imene imanena amene anasintha mzere uliwonse komaliza, imaonetsa dzina la wochapayo pa mzere uliwonse, ngati ndiye analemba pulogalamu yonse. Kuyambira pa Git 2.23 ya mu 2019 pali njira. Pangani fayilo ya `.git-blame-ignore-revs`, lembanimo hash yonse ya commit ija, nambala yaitali yoizindikirira, osati yofupikitsa, iikeni mu repo, kenako aliyense alembe kamodzi:

```
git config blame.ignoreRevsFile .git-blame-ignore-revs
```

GitHub imawerenga fayilo ya dzina limeneli yokha pa tsamba lake la blame.

Pa kompyuta yanu

Si repo iliyonse imene mudzaigwire idzakhale ndi `.gitattributes`, ndiye setting ya inu mwini ikadali ndi ntchito. Ine ndimaika iyi pa kompyuta iliyonse, ya Windows ndi ya Linux yomwe:

```
git config --global core.autocrlf input
```

Imanditeteza kuti ndisalowetse CR mu repo ya eni, ndipo siwonjezera kanthu pa zimene ndalandira. Choyenera kukumbukira n'choti fayilo yatsopano ya `.bat` nayonso ichotsedwa CR polowa ngati repo ilibe lamulo lake.

Uthenga uja umene umaopsa ongoyamba kumene, `LF will be replaced by CRLF the next time Git touches it`, si kulephera ayi. `git add` yatheka. Git ikungokudziwitsani kuti fayilo ili ndi LF mu foda yanu koma malamulo amene alipo adzaitulutsa ndi CRLF. Umachokera ku setting ina, `core.safecrlf`, imene mwachibadwa imachenjeza. Ambiri amathamangira kuizimitsa. Bola kuyamba mwafunsa ngati mukufunadi kuti fayiloyo isanduke CRLF, chifukwa ikakhala `deploy.sh`, chenjezolo likukuuzani za vuto la mawa. Mukaika `eol=lf`, uthengawu umatembenuka n'kukhala `CRLF will be replaced by LF`, ndipo umabwera pokhapokha editor yanu ikamapangabe mafayilo a CRLF.

Kumeneko ndiye kotsala kukonza. Mu VS Code yang'anani pansi kumanja, pamalembedwa `LF` kapena `CRLF`, ndipo mukadinapo mumasintha fayilo imene mwatsegulayo. Kuti mafayilo atsopano azibadwa ndi LF, ikani `"files.eol": "\n"` mu ma setting. Kuti lamuloli liyendenso ndi repo, ikani fayilo ya `.editorconfig` yokhala ndi `end_of_line = lf` pansi pa `[*]`. PhpStorm imaiwerenga yokha, VS Code imafuna extension ya EditorConfig. Olemba JavaScript amene sikirini yawo yadzaza ndi mizere yofiira ya ``Delete `␍` `` adziwe kuti ndi nkhani yomweyi. Kuyambira pa 2.0 mu 2020, Prettier, chida chosalaza kalembedwe ka code chimene ndi gwero la mizere yofiirayo, imayembekezera LF, ndiye ikakumana ndi `autocrlf = true` imadandaula pa mzere uliwonse. Konzani Git, musatseke pakamwa Prettier.

Mafayilo amene sadutsa mu Git, `.gitattributes` singawathandize. Wamkulu wa onsewa ndi `.env`. Munthu amailemba pa Windows, amaikweza pa seva, script ya bash imaiwerenga ndi `source`, ndipo pasiwedi ya database imatenga CR kumapeto. MySQL imangoti `Access denied`. Mutha kuyang'ana pasiwediyo tsiku lonse, chilembo ndi chilembo, ili yolondola. Pa seva lembani `cat -A .env`. Mzere wabwino umathera ndi `$`, wodwala umathera ndi `^M$`. Mankhwala ake ndi `dos2unix .env`, kapena ngati pulogalamuyo palibe:

```
sed -i 's/\r$//' .env
```

Mukapatsidwa pulojekiti yakale ya m'bungwe ili mu Subversion, pulogalamu ina yogwira ntchito ngati ya Git, dziwani kuti nayo sikhudza mathero a mizere mpaka fayilo itapatsidwa `svn:eol-style`, imene imakhala `native`, `LF`, `CRLF` kapena `CR`, ndipo kuyambira pa 1.8 mutha kuika `svn:auto-props` pa foda yaikulu kuti mafayilo atsopano azilandira okha. Mercurial, inanso ya mtundu womwewo, ili ndi extension ya `eol`, yozima mpaka mutaiyatsa, yowerenga malamulo mu `.hgeol`.

Mukamaliza zonse, komanso nthawi iliyonse munthu watsopano akalowa m'gulu n'kupusha koyamba, lembani ili mu Git Bash:

```
git ls-files --eol | grep -E "i/(crlf|mixed)"
```

Lisatulutse kanthu, kupatula mafayilo amene munawalembera `-text` mwadala. Mafayilo a `.bat` saoneka pamenepa, ndipo ena amadabwa poganiza kuti lamulo lawo silinagwire. Lagwira. Mukawayang'ana paokha aoneka ngati `i/lf w/crlf attr/text eol=crlf`, kutanthauza kuti mkati mwa Git nawonso ali ndi LF, CR imangowonjezedwa potuluka.